Nyimbo ya Macheka Ikusowa Woilandira

Masongola,
Zomba.
14 Ogasiti 2023

Okondedwa Bambo ang'ono,

Ndayamba ndi kugwada, ngakhale simukundiona. Muli bwanji kumeneko ku Chikangawa? Nanga mayi ang'ono ali bwanji ndi mwendo wawo uja? Ndikhulupirira chisanu cha chaka chino chakusiyani amoyo, poti ngakhale ife a ku Zomba, amene timadzitama kuti kuzizira tinakuzolowera, mwezi wathawu timagona ndi masokosi.

Kuno ana ali bwino, bambo a Lily ali bwino, inenso ndiliko. Amene sali bwino ndi achimwene anu, bambo anga, ndipo kalata ino ndalembera iwowo.

Ndikudziwa kuti mukaona dzina langa kuseri kwa envulopu mufuna muyatsire moto. Foni zanga simuyankha, ndipo sindikukudandaulani. Koma chonde werengani mpaka pansi, motowo muyatsire mukamaliza. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole ya matabwa amene akuti amakudziwani, ndipo ndamulumbiritsa kuti akupatseni m'manja.

Zoti bambo anagwa ndi sitiroko mu Meyi munazimva, chifukwa uchi munatumiza uja unafika. Anagwa m'mawa akunola nkhwangwa pakhomo pawo ku Sadzi. Atatuluka m'chipatala ndinawatengera kuno kwanga. Mwendo wakumanja ukukokeka koma akuyenda ndi ndodo. Dzanja lakumanja ndi lolemera. Chimene chinapitiratu ndi mawu.

Amamva zonse, Bambo ang'ono. Mukanena zoseketsa maso awo amaseka, mukanama amakuyang'anani mpaka muchite manyazi. Koma akafuna kuyankha pamatuluka liwu limodzi lokha, loti "basi". Akafuna madzi, basi. Akafuna kupita kuseri, basi. Munthu uja ankayankhula mpaka tiyi kuzizira m'kapu! Tsiku lina anaponya kapu kukhoma chifukwa ndinalephera kumva chimene amafuna, kenako analira. Ineyo bambo anga ndinali ndisanawaonepo akulira.

Mu Juni kunabwera anthu awiri a kafukufuku, atatenga dzina lathu kuchipatala. Wina ndi mayi wachitsikana, a Abigail, amene anaphunzira zothandiza odwala sitiroko kuti ayambenso kuyankhula. Winayo ndi a Chiukepo, bambo wa kumpoto, wophunzitsa za nyimbo ndi mbiri ya anthu ku yunivesite kuno. Atadzitchula choncho ndinaseka mumtima. Ndinati dokotala ndamumva, nanga wa nyimboyu wadzatani, kudzaimbira odwala gitala?

A Abigail anandikhazika pansi n'kundifotokozera mosathamanga. Anati m'mutu mwa munthu kuyankhula ndi kuimba siziyenda njira imodzi, ndiye pali ena amene sitiroko yawatsekera njira ya kuyankhula koma ya kuimba ikadali yotsegula. Anati maiko ena anayesapo kudzera m'nyimbo kuti abwezeretse mawu, koma nyimbo zake zinali zakwawo komweko. Iwo akufuna adziwe ngati nyimbo zathu, za pamtondo, za kumunda, za kutchalitchi, zingagwire ntchito imeneyi. Odwala amene akuyenda nawo ndi oposa makumi awiri, kuyambira ku Chinamwali mpaka ku Thondwe.

Chimene chinandigwira mtima n'choti sanalonjeze kanthu. Anati mwina zithandiza, mwina ayi, n'chifukwa chake akufufuza. Pepala lovomereza sanandipatse ine kuti ndisayinire bambo. Anawawerengera eni ake mzere ndi mzere, n'kumadikira kuti agwedeze mutu. Zinatenga ola lathunthu, ine nyemba zikupserera kukhitchini.

Atandifunsa nyimbo zimene bambo amakonda, ndinatulutsa buku la nyimbo za kutchalitchi. Sabata ziwiri tinaimba, ine kutsogolo ndi mawu anga a kwaya aja. Bambo ankangong'ung'udza pang'ono, kenako n'kuyamba kuwodzera.

Tsiku lina a Chiukepo anandifunsa ntchito imene bambo ankagwira. Ndinayankha kuti anali a bizinesi ya matabwa. Mukuona kunyada kwanga? Iwo sanatsutse. Anangopempha kuona zikhatho za bambo, n'kuzisisita, n'kunena kuti manja awa si a munthu wogulitsa matabwa, ndi a munthu wowacheka. Anatuluka panja, anatenga mpini wa khasu, mbali ina anawagwiritsa bambo ndi dzanja lamanzere, mbali ina anagwira iwo, n'kuyamba kukoka ndi kukankha ngati sowo.

Bambo ang'ono, achimwene anu anaimba.

Osati kung'ung'udza ayi. Mawu enieni, omveka, a Chilomwe, ndi liwu lawo lija lokhala ngati likuchokera m'mgolo. A Abigail cholembera chinawagwa. Ine ndinathawira kukhitchini kukalira, chifukwa nyimboyo ndinaizindikira. Ndi ija munkaimba awirinu kuphiri.

Koma panali vuto. Ankaimba mzere umodzi n'kukhala chete. Kenako mzere wina, n'kukhalanso chete. A Abigail ankayeza ndi wotchi n'kumalemba kuti apa mawu awathawa, apa awathawanso. Kwa sabata zitatu ntchito yawo inali yowalimbikitsa kuti asamaime. Bambo akangoti chete, iwo amvekere pitirizani agogo, pitirizani. Inenso ndinkathandizira, mwinanso mokuwa. Bambo ankakwiya, kumenya mpando, basi, basi, basi! Tinkati ndi ukali wa matenda.

Anatulukira chinsinsi ndi wa nyimbo uja ndinkamuseka. Akuti anakhala mu ofesi mwake akumvetsera mawu a bambo amene anajambula, uku akugogoda patebulo ndi chala. Anapeza kuti kukhala chete kwa bambo kumatalika mofanana nthawi zonse, ndiponso n'kofanana ndendende ndi mzere umene aimba. Anabwera Lachinayi lotsatira thukuta lili kamukamu, poti anachita kuyenda wapansi kuchokera kuntchito, n'kutiuza kuti munthu woiwala mawu saiwala motsata kugunda kwa nyimbo. Anati bambowa sakuiwala kanthu. Akudikira wolandira.

Ndimafuna mukanaona zimene anachita a Abigail. Munthu wa masukulu ake, wa galimoto yolembedwa pachitseko. Anamvetsera kawiri, anatsegula kope lawo, n'kudula mzere pamasamba onse a sabata zitatu zija ife tikuona. Kenako anagwada pamaso pa bambo n'kuwauza kuti analakwitsa ndi iwo, ankawadula pakamwa pamene iwo amaimba molondola, awakhululukire. Bambo anawagwira pamutu ndi dzanja lamanzere lija.

Ine ndagwira ntchito m'maofesi a boma zaka makumi awiri ndi zitatu, ndikutayipa makalata a mabwana. Sindinaonepo bwana akudula zolemba zake pamaso pa anthu. Kwathu kuntchito cholakwa chimakhala cha wotayipa.

A Abigail sanalekere pomwepo. Anabwerera kukaona zolemba za odwala ena onse, ndipo anapeza amayi anayi amene anawalemba kuti mawu amawathawa, chonsecho ankaimba nyimbo za pamtondo n'kumasiyira mnzawo wosinja naye mpata. Akuti njira yoyezera imene ankatsata inakonzedwa ndi anthu a kumene munthu amaimba yekha nyimbo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pano akulemba zoti njirayo ikonzedwe, kuti odwala a kuno asamayesedwe olephera pamene akungodikira anzawo. Ndiye onani, achimwene anu, amene sukulu analekera Sitandade 3, akuphunzitsa madokotala ali pampando pakhonde langa.

Tsono panafunika wolandira. A Abigail ndi a Chiukepo anakwera phiri la Zomba Loweruka, tsiku lawo lopuma. Anadutsa damu la Mulunguzi n'kulowa tinjira ta m'nkhalango kufunafuna ocheka matabwa akale. Akuti masiku ano ndi makina okhaokha, anyamata ake nyimbo ya sowo saidziwa n'komwe. Anaona maenje akale a macheka atamera zitsamba, ena mwina ndi anu omwe. A Abigail anabwerako nsapato itang'ambika, miyendo yonse zokanda. Koma anatsika ndi dzina la mkulu wina wa ku Domasi amene anachekapo ndi manja, ndipo sabata yotsatira anakamutenga.

Mkuluyo anakhala pansi, anagwira mpini, bambo anayambitsa, iye analandira. Mawu ake abwino ndithu. Koma bambo anasiya kukoka, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka. Kuseka koyamba chigwereni! Mkuluyo nayenso anaseka, n'kutiuza kuti iye anadziwiratu kuti sizitheka, anangobwera chifukwa cha ulemu.

Anatifotokozera zimene inu mukuzidziwa bwino kuposa ine. Anati pa macheka pamakhala awiri, wapamwamba woima pachipika ndi wapansi wa m'dzenje amene utuchi umamugwera m'maso. Wapamwamba amayambitsa pokweza sowo, wapansi amalandira pokoka. Ndipo awiri aliwonse ankapeka nyimbo yawoyawo, ya mawu awoawo, yoyenda ndi mpweya wawo, moti mlendo akalowa m'dzenje sowo imakhota n'kuwononga thabwa. Kenako anafunsa kuti kodi wapansi wa bambowa anali ndani, ndipo ali moyo?

Onse anatembenukira kwa ine. Bambonso anandiyang'ana.

Apa ndiye pafika povuta kulemba. Ndinawauza kuti wapansi wawo ali moyo, ndi mng'ono wawo, anacheka limodzi zaka makumi atatu. A Chiukepo anasangalala, amvekere ndiye tiwaimbire foni lero lomwe. Ndinati sangayankhe. Atafunsa chifukwa, ndinawauza zonse, ndipo ndikuti ndizilembenso pano kuti mudziwe kuti sindinaiwale ngakhale liwu limodzi.

Pa maliro a amayi, chaka cha 2019, inu ndi bambo munakana bokosi logula. Munati mlamu wanu agona m'matabwa ocheka ndi manja anu. Munatulutsa matabwa a mkungudza amene bambo anasunga kudenga, n'kuyamba kupala kuseri kwa nyumba. Pogwira ntchitoyo bambo anayambitsa nyimbo ija motsitsa, inu n'kulandira. Nthawi yomweyo n'kuti anzanga a kuntchito atangofika, mabwana anga ali pamipando. Ine ndinabwera kuseriko n'kukuuzani, anthu akumva, kuti pano si kuthengo, nyimbo zanu za Chinguruzo mukaimbire kwanu.

Ndinatero ine, mwana amene munkamunyamula pakhosi kukwera naye phiri. Munaika pansi chopalira matabwa, munamaliza bokosi muli chete, munaika nawo maliro, ndipo m'mawa mwake munakwera basi osatsanzika. Bambo sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Kuyambira tsiku limenelo sanaimbenso ine ndili pafupi.

Sindikufuna kudziikira kumbuyo, koma ndinene kumene zinachokera. Kusukulu anzanga ankandiseka kuti ndine mwana wa anthu obwera, odya njoka, onunkha utuchi. Ndinalumbira kuti ndikadzakula palibe adzadziwe. Chilomwe ndinachikana, ana anga sindinawaphunzitse ngakhale moni. Ndinafika pochita manyazi ndi manja amene anandilipirira sukulu yomwe inandiphunzitsa manyaziwo. Ndinalakwa, Bambo ang'ono. Ndinakulakwirani inu, ndinalakwira bambo, ndinalakwiranso amayi amene munkawakonzera pogona.

Pamene ndinkafotokoza zimenezi, a Abigail anazimitsa makina ojambulira mawu n'kutseka kope. Anati izi si za kafukufuku, ndi za banja. Sanandiweruze, sanandinyengererenso kuti n'zazing'ono. Anangondipatsa mpango wawo. Mwana ameneyu amene anamulera anagwira ntchito.

A Chiukepo anapeza mayi wina ku yunivesite wodziwa Chilomwe chenicheni, kuti atimasulire mbali ya bambo. Ndinadabwa kumva kuti mizere yawo yonse ndi mafunso. Anatiwolotsa mtsinje ndani? Tinasiya chiyani kuseri kwa phiri? Anasenza sowo yoyamba ndani? Tidzapumula chaka chanji? Zaka zonsezi ndinkayesa ndi phokoso chabe lokokera sowo, osadziwa kuti ndi mbiri ya mmene makolo athu anachokera ku Mozambiki. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo funso ngakhale limodzi mwa amenewa sindingaliyankhe. Mayankho ake ali ndi inu.

Mwina mufunsa kuti nanga kuimba kuthandiza chiyani, poti munthu sangapemphe madzi ndi nyimbo ya macheka. Inenso ndinafunsa. A Abigail akuti nyimbo ikayenda yathunthu, amayamba kuichedwetsa pang'onopang'ono, kenako kuchotsa kaimbidwe n'kusiya mawu okha, kenako kulowetsamo mawu a tsiku ndi tsiku. Koma nyimbo yoduka pakati siyenda, bambo amakwiya n'kusiya. Mwa amayi anayi a pamtondo aja, atatu anawapezera anzawo osinja nawo, ndipo awiri ayamba kutchula mayina a ana awo. Wachitatu sanasinthe. Anandiuza zonse ziwiri, zokoma ndi zowawa.

Anandiuzanso mosabisa kuti miyezi yoyambirira ndi imene munthu amabwezeretsa zambiri. Pambuyo pake khomo silitsekeka ayi, koma limalimba. Papita miyezi itatu tsopano chigwereni bambo. Musaone ngati ndikukuopsezani, anatero, ndikungokuuzani zimene tikudziwa.

A Chiukepo anaganiza zoti akwere basi adzakujambuleni mawu konko, tizidzawaika pa wailesi bambo akamaimba. Munthu ameneyu akanabweradi, sadziwa kutopa. Koma a Abigail anati makina sadziwa kudikira, bambo akachedwa pang'ono wailesi izingopitirira, komanso mpini umafuna munthu wokoka mbali inayo. Ine ndinawauza kuti asavutike. Anakuthamangitsani si a yunivesite. Ndine, ndipo woyenera kukuitanani ndine.

Ndisanalembe ndinayesa kaye njira yachidule, poti kunyada sikufa tsiku limodzi. Lachinayi lapitali m'mawa ndinawauza a Abigail kuti ndiyesa kulandira ndekha. Ndinamanga chitenje, ndinakhala pansi pasimenti kutsogolo kwa mpando wa bambo, ndinagwira mpini. Bambo anayambitsa. Pofika pa mpata wanu ndinang'ung'udza, poti mawu sindiwadziwa. Mzere woyamba anandilekerera. Wachiwiri anandilekerera.

Pa wachitatu anasiya mpini. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osati mokwiya. Milomo inayamba kunjenjemera, nsagwada zikulimbana, misempha ya pakhosi itatuluka. Tonse tinadikira kuti anena basi. A Abigail anandikodola ndi diso kuti ndisawathandize, ndingokhala chete.

Mundikhululukire kutchula dzina lanu, koma ndi mmene ananenera. Anati, "Hendasoni."

Sanaimbe. Ananena, ngati mmene munthu amaitanira mnzake. A Abigail anayang'ana wotchi, a Chiukepo n'kulemba nthawi. Liwu loyamba m'miyezi itatu, kupatula basi uja. Silinali madzi, silinali dzina langa ine amene ndimawasambitsa. Ndipo ndikuuzeni zoona, sindinachite nsanje. Ndinangoona kukula kwa chimene ndinadula pakati.

Ndiye ndikupempha, Bambo ang'ono. Ine musandikhululukire ngati mtima sunafune, zimenezo zili ndi nthawi yake. Ngati simufuna kugona m'nyumba mwanga, ya ku Sadzi ndasesa, ndipo bambo tikhoza kuwapititsa komweko. Ngati simufuna kundiona, ndizichoka inu mukamafika. Koma bwerani. Bambo a Lily akuti mukangotumiza mawu kudzera kwa dalaivala yemweyu, anyamuka Lachisanu kudzakutengani, pamodzi ndi mayi ang'ono ngati mwendo ulola. A kafukufuku amabwera Lachiwiri ndi Lachinayi, naini koloko m'mawa, ndipo sanachedwepo.

Ndipo mukadzalola kuti ndikhale nawo, ndidzakhala kumbuyo ndi Lily ndi azing'ono ake, tidzamve mayankho aja. Mudzaimbe mokweza. Anzanga a kuntchito akadzabwera, ndidzawapatsa mipando yakutsogolo.

Mundiperekere moni kwa mayi ang'ono, muwauze kuti uchi wawo ndi umene bambo amamwera phala. Moni kwa achemwali anga a Elsie ndi ana, ndi onse a pakhomo. Mulungu amene anakusungani m'maenje a macheka zaka zonse zija akusungeninso panjira, akupatseni mphamvu ndi mpweya wokwanira.

Chichokereni Lachinayi lija, bambo akumadzuka m'mamawa n'kuloza jekete lawo la kutchalitchi kuti ndiwaveke. Akakhala pakhonde amayambitsa okha nyimbo, popanda wowapempha. Akafika pa mpata wanu sakuyang'ananso ife. Akumayang'ana kugeti.

Ndine mwana wanu wolakwa,
Norah